Vuto la sikirini lija ndalipeza, tsopano ndikufuna ogulitsa andisinthire kompyuta

Sabata yatha ndidafunsa za kompyuta yanga yatsopano yapatebulo, yomwe sikirini yake imathwanima kenako n'kutulutsa mizere yobiriwira ndi timadontho tofiira. Zikomo nonse amene mudandiyankha, ndayesa zomwe mudanena.

Ndidayamba ndi chingwe. Ndidachotsa cha HDMI n'kuika cha DisplayPort, koma mizere idabwerabe. Monita yomweyo nditailumikiza ku laputopu ya mchemwali wanga idagwira bwinobwino usiku wonse, choncho ilibe mlandu.

Ambiri mumakayikira driver (kapulogalamu kothandiza Windows kuyendetsa graphics card, chipangizo chotumiza zithunzi ku sikirini), inenso ndimaganiza choncho. Ndidalowa mu safe mode (momwe Windows imayamba ndi zofunikira zokha), ndidafufuta yakale n'kuika yatsopano, refresh rate (liwiro lomwe sikirini imasinthira zithunzi) ndidaitsitsanso kufika pa 60 Hz. Palibe chidasintha. Chomwe chidanditsegula maso n'chakuti mizereyi ikuoneka ngakhale mu BIOS (pulogalamu yoyamba kudzuka mukangoyatsa kompyuta), Windows isanayambe n'komwe, nthawi yomwe driver imakhala isanadzuke. Ndiye ndidayatsa graphics ya mu purosesa kudzera mu BIOS momwemo, n'kuchotsa chingwe pa graphics card n'kuchisamutsira pa motherboard (bolodi lalikulu la kompyuta). Sikirini idayera mbee, masiku atatu tsopano opanda mzere ngakhale umodzi. Yafa ndi graphics card.

Ogulitsa akuti ndiwapatse akaikonze. Zimenezo zandipweteka mtima, chifukwa makinawa sanathe ndi mwezi omwe. Kompyutayi sindidaitsegule m'kati dala, kuopa kuti angakanire pomwepo. Ndawatumizira lisiti, nambala ya makina ndi kavidiyo koonetsa mizere mu BIOS, ndipo ndawalembera kuti ndikufuna ina yatsopano. Amene mudakumanapo nazo, adakusinthirani yonse kapena khadi yokha?