Kodi yunivesite yoyamba ya boma ku America ndi iti?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikulemba nkhani ya mmene mayunivesite a boma anayambira ku America, koma ndaima pa mfundo imodzi yomwe ikundivuta kuiweruza.

University of Georgia inalandira chilolezo cha boma mu Januwale 1785, chikalata chake chitalembedwa ndi Abraham Baldwin, koma maphunziro enieni anayamba m'chaka cha 1801 mumzinda wa Athens. University of North Carolina inavomerezedwa mochedwerapo, mu Disembala 1789, komabe inatsegula zitseko zake ku Chapel Hill mu 1795, ndipo pofika 1798 inali itayamba kale kupereka madigiri. Iliyonse mwa ziwirizi imadzitcha yoyamba.

Ndawerenga masamba a pa intaneti a mayunivesite onse awiri, ndafufuza m'mabuku a mbiri ku laibulale, ndafunsanso mphunzitsi wina, koma aliyense akukokera kwake. Kwa ine, sukulu yopanda ophunzira kwa zaka 16 n'kovuta kuitcha yoyamba.

Kodi akatswiri a mbiri amawerengera chaka chimene chilolezo chinaperekedwa kapena chimene ophunzira analowa m'kalasi? Amene mukudziwa bwino nkhaniyi, chonde ndithandizeni.