Webusaiti yofananiza mahostelo ku Zomba: ndalama zingachokere kuti?

Wa ku Matawale:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kutsegula webusaiti yongoona za mahostelo ndi nyumba za lendi za ophunzira a ku UNIMA amene sanapeze malo pa kampasi: Chikanda, Matawale, Chinamwali mpaka Mpondabwino. Munthu azitha kufananiza mitengo, kuona zithunzi ndi kuwerenga ndemanga za amene anagonamo. Kuipanga sikundivuta, chondizunguza mutu ndi ndalama. Kodi zotsatsa za Google zingabweze za hosting (lendi ya malo osungira webusaiti pa intaneti) ndi za bandulo, kapena pali njira ina?

Chikanda Digital:

Achimwene, za Google ziikeni kumapeto. AdSense, njira ya Google yoikira zotsatsa pa webusaiti, salipira mpaka ndalama zanu zitakwana madola 100, ndipo zikangofika madola 10 amakutumizirani PIN pa positi kuti atsimikize keyala yanu. Kalata imeneyo imachedwa. Komanso mtengo wa zotsatsa umadalira kumene owerenga ali, ndipo owerenga a m'Malawi muno amabweretsa zochepa kwambiri poyerekeza ndi a ku Ulaya kapena ku America. Anthu anu ndi ochepa, ndipo amabwera mwa nyengo: sukulu ikamatsegulira ndi pamene mayina a osankhidwa atuluka. Miyezi ina kuli zii.

Amene ali ndi chifukwa chokulipirani ndi alandilodi, poti chipinda chopanda munthu ndi ndalama yotayika mwezi ndi mwezi. Muyambe powalemba onse mwaulere, chifukwa webusaiti ya mahostelo khumi palibe chofananiza. Kenako muziwagulitsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi chizindikiro choti munafikako nokha ndi kuona malowo, pamodzi ndi zithunzi zojambula inu. Chachiwiri ndi makasitomala. Pa tsamba la hostelo iliyonse ikani batani la WhatsApp, lija loyamba ndi wa.me/265, lokhala ndi uthenga wolembedwa kale woti “Ndaona chipinda chanu pa webusaiti yakuti, nambala 14”. Uthengawo ukamalowa mufoni ya landilodi, ndiwo umboni wanu. Popanda umenewu adzakuuzani kuti ana abwera okha.

Muziwalipiritsa pa semesita, osati pa mwezi, ndipo muzitolera kusanatsegulidwe, pamene ali pa mpanipani wofuna anthu. Tiyerekeze mwapeza alandilodi 30, aliyense n’kupereka K20,000, ndiye kuti K600,000 pa semesita. Chotsanipo za kabaza, bandulo ndi hosting muone chotsala. Si ndalama yosiyira ntchito, koma imaoneka ndi maso. Zoti muzidya komishoni munthu akalowa m’nyumba ndi zovuta, chifukwa landilodi ndi wophunzira akangopatsana manambala inu mwatuluka mu nkhani.

Mayi a pa Ndola:

Ndionjezepo pa zimene muzilemba, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera. Mtengo wokha sufananizika. Chipinda cha anthu awiri cholipiriratu madzi ndi magetsi sichingafanane ndi cha anthu anayi chomwe mayunitsi a ESCOM amasonkha okha. Ndiye hostelo iliyonse ikhale ndi mafunso ofanana: mtengo pa munthu pa mwezi, amagona angati, bedi ndi matiresi zilipo kapena kubwera nazo, mita ndi ya chipinda kapena ya onse, hotipuleti amaloleza kapena ndi mbaula basi, madzi a Water Board akasiya pali thanki kapena chitsime, chimbudzi ndi bafa zili mkati kapena panja ndipo amagawana angati, mpanda ndi mlonda, geti amatseka nthawi yanji, dipoziti ndi zingati ndipo imabwezedwa bwanji. Mufunsenso ngati amalipiritsa pa holide. Nkhani imeneyi imayambanitsa anthu kwambiri.

Mtunda muzilemba mphindi zoyenda pansi kukafika pa geti ya kampasi, osati makilomita, ndipo munene ngati njirayo imadutsika nthawi ya mvula. Pa mtengo uliwonse ikani tsiku limene munaufunsa. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo sikhazikika, ndipo wophunzira akapeza kuti lendi ndi ina pofika pamalopo, wabodza mumakhala inu.

Za ndemanga muchenjere nazo. Landilodi amatuma adzukulu kulemba zoyamikira, wina amatuma anthu kukanyoza mnzake woyandikana naye. Njira yake: nambala ya foni imodzi ndemanga imodzi, ndipo wolembayo akuonetseni lisiti kapena meseji ya Airtel Money kapena Mpamba yolipirira lendi. Dzina lake musalionetse, poti ambiri amakhala akugonabe momwemo ndipo amaopa kuthamangitsidwa. M’malo mwa nyenyezi zisanu za zonse pamodzi, azipereka mamaliki paokhapaokha pa madzi, chitetezo, ukhondo ndi kubweza dipoziti.

Wa ku Matawale:

Zikomo mayi. Nanga landilodi amene wandilipira akanena kuti ndichotse ndemanga yoipa, kapena ndimuike pamwamba?

Mayi a pa Ndola:

Kumuika pamwamba kulibe vuto, bola palembedwe poyera kuti “Malonda olipiridwa” ndipo akhale awiri kapena atatu okha. Koma mamaliki sagulitsidwa. Ana a sukulu amauzana m’magulu a WhatsApp, tsiku limodzi lokha mbiri yanu yatha, ndipo owerenga akachoka alandilodi nawonso sadzaona chokulipirirani. Mupatseni malo oti ayankhe pansi pa ndemangayo. Mfundo imeneyi ilembedwe mu mgwirizano asanapereke ndalama.

Achimwene a IT:

Ine pa AdSense ndikugwirizana ndi a Chikanda Digital, koma zotsatsa musazitayiretu. Muzigulitse nokha kwa amalonda a m’tauni momwemo: ogulitsa matiresi, okonza malaputopu, opanga fotokope, malesitilanti. Amenewa amafuna anthu omwewo ndipo amalipira m’makwacha.

Pa makina: WordPress (pulogalamu yopangira mawebusaiti) ndi pulagini ya directory (choonjezera cholembera mndandanda wa malo) zikukwanirani. Hosting yakunja imafuna khadi ndi madola, ndipo ndi kusowa kwa forex khadi likhoza kukanidwa tsiku lolipira webusaiti n’kuzima sabata yotsegulira. Lipirani chaka chonse, kapena pezani olandira makwacha. Dzina la .mw limayendetsedwa ndi bungwe la SDNP, fananizani mtengo wake ndi wa .com musanasankhe. Zithunzi zichepetseni zikhale za mtundu wopepuka wa WebP zosapitirira 100KB, zisanu pa hostelo, chifukwa owerenga anu ali pa foni ndi bandulo yowerengera. Dera lililonse likhale ndi tsamba lakelake, poti munthu amasaka “hostel Chikanda”, sasaka dzina la webusaiti yanu. Ngakhale zili choncho, ambiri adzachokera pa Facebook ndi m’magulu a makalasi, ndiye linki iliyonse izionetsa chithunzi ndi mtengo ikatumizidwa.

Kalaliki wa pa Boma:

Dipoziti ya ophunzira isamadutse m’manja mwanu. Landilodi akapereka chipinda kwa wina, kholo lidzafuna inu, komanso kusunga ndi kudutsitsa ndalama za anthu ndi ntchito yoyang’aniridwa ndi Reserve Bank. Lembani pa tsamba lililonse kuti munthu asatumize ndalama asanaone chipinda, chifukwa ma agent abodza adzakopera zithunzi zanu. Dindani dzina la webusaiti pa chithunzi chilichonse.

Ndemanga yoti “madzi anasowa sabata ziwiri” isiyeni. Yoti “landilodi ndi wakuba” popanda umboni ichotseni, mlandu woipitsa mbiri ukhoza kukugwerani inu wofalitsa. Manambala ndi malisiti amene mukutolera akugwa pansi pa Data Protection Act ya 2024, choncho mukatsimikiza lisiti lifufuteni. Lembetsani bizinesi ndi kutenga TPIN (nambala ya msonkho) ku MRA, chifukwa eni mahostelo akuluakulu adzafuna invoisi asanalipire.