Mwana wa Fomu 1 akumafika mochedwa chifukwa cha makalabu ndi masipotsi, ndimusiye kapena ndimuletse?

MakeChisomo:

Moni nonse abale, ndikufuna maganizo anu makamaka aphunzitsi ndi makolo amene munadutsamo kale. Mwana wanga wamkazi wasankhidwa chaka chino kupita Fomu 1 pa CDSS ina kuno ku Zomba, ndi sukulu yoyendera, ife timakhala mbali ya ku Chinamwali nde amayenda wapansi kamtunda ndithu. Chitsegulireni sukulu mu Seputembala muja zinthu zasintha pakhomo pano. Ku pulayimale amafika nsima ya masana ikadali yotentha, pano masiku ena akumatulukira cha m'ma 4 koloko pena mpaka dzuwa kupendeka, nsapato zili mbuu ndi fumbi, milomo gwaa kuuma. Ndikafunsa akuti Lachiwiri kuli kalabu ya wildlife akuthirira nazale ya mitengo, Lachitatu masipotsi walowa netibo, Lachisanu kuli SCOM gulu la mapemphero la ana a sukulu lija, kuonjezera apo pali tsiku lokonza pasukulu kusesa ndi kukolopa m'makalasi. Pano wabweranso ndi kalata yoti kalabu yawo ikufuna kukwera phiri Loweruka lina mwezi uno wa Okutobala kukaona damu la Mulunguzi ndi Williams Falls, akuti tisaine komanso tisonkhe kangachepe ka galimoto.

Bambo ake akuti zonsezi nzotaya nthawi, mwana anapitira sukulu osati kuthirira mitengo, akufuna azingoweruka nkubwera kunyumba kapena timupezere pati taimu ya masamu poti JCE ili pafupi ku Fomu 2 komweku. Ine mtima uli pawiri chifukwa mwanayu ndi wamanyazi kwambiri chibadwire, koma masabata amenewa ndikumuona akulongolola, kutiuza mayina a mitengo patebulo, mpaka wayamba kutolera mapepala a shuga akuti ndi machubu ofeseramo mbewu za mitengo. Komanso ndikuopa dzuwa la Okutobala lino ndi njira yobwerera madzulo mwana wamkazi. Ndipange bwanji abale?

Aphunzitsi_aAgri:

Mayi zikomo pofunsa musanaletse, ambiri amangolamula basi mwana nkukhala chete. Ine ndimaphunzitsa Agriculture ndi Biology pa sekondale ina yoyendera kunja kwa tauni ya Zomba ndipo ndakhalapo patironi wa kalabu ngati imeneyo, nde ndikuuzani zimene ndimaona ndi maso anga.

Teremu yoyamba ya Fomu 1 ndiyovuta kuposa mmene makolo mumaganizira. Mwana wachoka ku Sitandade 8 komwe anali wamkulu pasukulu yonse, aliyense amamudziwa, wafika pamalo pomwe iye ndi wamng'ono kwa onse, aphunzitsi akusinthana mutu ndi mutu wina akutuluka wina akulowa, zonse m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa lokha, Physics ndi Chemistry akuziona koyamba, manotsi akulemba mpaka dzanja kuwawa. Ana ambiri amene amafooka amafookera pompa, osati kuti ndi mbuli ayi koma alibe mnzawo, alibe mphunzitsi amene angamuyandikire. Kukalabu nkomwe mwana wa Fomu 1 amagwira keni limodzi ndi wa Fomu 3, mawa lake akakanika samu amadziwa woti amufunse. Wanuyo mwati ndi wamanyazi koma wayamba kuyankhula, chimenecho musachione chaching'ono.

Za nazalezo, ino ndi nthawi yake yeniyeni ndipo singasunthidwe. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, nde kuti mbande ikhale yokonzeka mvula ikakhazikika mbewu iyenera kulowa m'machubu miyezi ino ya chilimwe. Ntchito yake mukanaiona mayi. Ana amasefa dothi lakuda, kusakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana bwino, kuthira m'machubu nkumagogoda pansi kuti lisakhale ndi mphako, kenako kuwandandalika m'mizere pansi pa kashedi ka udzu. Mbewu zolimba khungu ngati za mtangatanga timayamba taziviika m'madzi kapena kuzikanda pang'ono kuti zimere msanga, za mbawa zimangofesedwa. Zikamera pamafunika kumasuntha machubu aja pafupipafupi kuti mizu isaboole nkulowa pansi, ndipo kukatsala masabata ochepa kuti tikadzale timachepetsa madzi ndi kuchotsa mthunzi pang'onopang'ono kuti mbande ikhwime izolowere dzuwa. Zonsezi zili mu silabasi ya Agriculture, kameredwe ka mbewu kalinso mu Biology. Mwana amene wasuntha chubu nkuona muzu woyera utatulukira kunsi funso limenelo pamayeso samaloweza, amangokumbukira.

Bambo akunyumba auzeni kuti JCE sinathawe, inabwerera mu 2021 ndipo ilipodi, a MANEB ali konkuno ku Zomba sitingaiwale. Koma amalemba kumapeto kwa Fomu 2, ndipo mwana woti sukulu akuikonda ndi amene amawerenga osachita kumukakamiza. Pati taimu teremu yoyamba musanaone ndi lipoti lomwe ine sindikuona chifukwa chake. Dikirani zotsatira za Disembala muone pomwe pakuvuta.

Bambo_aku_Matawale:

Ine ndisiyane pang'ono ndi aphunzitsi, osati kuti akunama ayi koma bambo a mwanayo nawonso ali ndi mfundo. Ndili ndi atsikana awiri wina wamaliza Fomu 4 wina ali Fomu 2 nde ndikudziwa. Vuto si kalabu, vuto ndi kuchuluka. Wildlife, netibo, SCOM, kuyeretsa, masiku anayi pa sabata mwana wa zaka 13 kapena 14 ali padzuwa la Okutobala m'mimba muli tiyi wam'mawa yekha, akafika kunyumba atunge madzi atsuke mbale, homuweki adzalemba nthawi yanji? Amangogona pabuku. Wanga wamng'onoyu chaka chatha anadwala mutu sabata yonse kutuluka kamfuno ali pagiraundi, tinachita kukamutenga pa kabaza, chifukwa mjigo wapasukulu pawo unali utaonongeka ndipo masipotsi sanaimitse.

Nde langizo langa asankhe ziwiri basi teremu ino, zina adzalowa kukazizira. Ndipo inu mayi pitani nokha kusukuluko mukaonane ndi fomu ticha kapena patironi, mufunse kuti kalabu imatha nthawi yanji kwenikweni. Chifukwa tinene zoona ana ena amati tinali kukalabu pomwe kalabu inatha 3 koloko iwo anali pamsika kapena koonetsa mafilimu. Sindikunena wanuyo ayi, koma kholo lizidziwa nthawi. Kwanuko nseu wa ku Liwonde uja magalimoto ndi njinga zamoto zimathamanga moopsa madzulo, azibwera pagulu ndi anzake a dera limodzi osati yekha.

Nachisale_wa_paChanco:

Anti chonde ulendo wa kuphiriwo musamukanize, ndakupemphani. Ine ndinaphunzira pa CDSS momwemo, ndinabadwira ku Sadzi phiri ndimaliona tsiku ndi tsiku pochapa pakhomo koma kukwera pamwamba ndinakakwera koyamba ndi kalabu ya kusukulu ndili Fomu 1, ndipo anzanga ambiri a m'kalasi zinali chimodzimodzi. Timangoona azungu ndi anthu a ku Blantyre akudutsa pa magalimoto kupita ku Ku Chawe ife eni ake osadziwa kuti kuli chani.

Tsiku limenelo aphunzitsi athu a Geography anatiimika pa damu la Mulunguzi nkutiuza kuti madzi amene mumatsegula pampopi kutauni kuja akuchokera apa, kenako anatilozera mbali ina ya phiri yomwe inali itapsa yakuda bii mitengo ya paini itauma, nkutifunsa kuti mvula ikagwa apa dothi ili lipita kuti. Palibe anayankha koma tonse tinamva. Anatifotokozera kuti Mulunguzi amakathira mu Likangala, Likangala nkukathira mu nyanja ya Chilwa, nyanja yopanda potulukira madzi yomwe inaphwa mu 1995 ndipo mu 2018 inatsala pang'ono kutheratu, nde zimene zikuchitika pamwamba paphiri zimakafika mpaka kwa asodzi a ku Kachulu ndi matemba amene timagula mumsika. Ine za catchment area, dera lonse limene madzi ake amatsikira mu mtsinje kapena nyanja imodzi, ndinazimvetsa tsiku limenelo ndipo pano ndi zomwe ndikuphunzira ku yunivesite.

Komanso nthawi ino kuphiri nkokongola anti. Mitengo ya mombo m'mbali mwa phiri imakhala itaphukira masamba atsopano ofiira ena ngati a kofi mvula isanagwe ndi dontho lomwe, mutauni jakaranda ali mbuu maluwa ake kugwera mumsewu, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuchita ziii. Pamwamba nkozizirirako kusiyana ndi kumunsi kuno poti phirili limapitirira mamita 2,000. Chokhacho ndi choti Okutobala kumakhala utsi wambiri chifukwa cha moto wa osaka mbewa nde akafika pa Emperor's View, paja anaimapo Haile Selassie mu 1965, mwina Chilwa ndi phiri la Mulanje saziona bwinobwino. Muuzeni atenge nsapato zomanga osati masilipasi, miyala ya pa Williams Falls ndiyoterera, ndipo anyani akumeneko amalanda chakudya m'manja asamayende atanyamula nthochi poyera. Mukakhala ndi kachenji mupatseni adzagule mabulosi amagulitsa m'mbali mwa nseu aja.

Za netibo ine sindinasewereko nde sindinganene zambiri, koma kalabu ndi imene inandipatsa anzanga amene ndili nawo mpaka lero.

MayiMwale_Domasi:

Ine ndingoonjezera za m'mimba poti enanu mwakamba zambiri. Kusiyana kwakukulu kwa pulayimale ndi sekondale nkoti ku pulayimale zambiri ana amalandira phala, ku sekondale yoyendera kulibe, nde mwana amene anazolowera kapu ya phala pa buleki thupi limadabwa. Ndalama ya tsiku ndi tsiku yogula zigege ndi mandasi pageti sitingaikwanitse tonse mmene zinthu zakwereramu. Ine wanga ndimamuphikira mbatata kapena chinangwa usiku, pena chigumu, ndi kamtedza kokazinga m'kapepala, thobwa m'botolo la malita awiri lija ndimaligawa pawiri. Madzi botolo lake lake, ndimalikulunga kansalu konyowa limafika masana lisanatenthe. Masiku a masipotsi onjezerani.

China musaiwale poti ndi mtsikana, msinkhu umenewu ambiri amatha msinkhu ali Fomu 1. M'chikwama mwake muzikhala chitenje ndi zodzisamalira nthawi zonse ngakhale asanayambe, mumulangize inu mwini kapena azakhali ake, chifukwa ana ambiri amasiya masipotsi ngakhale kujomba kumene chifukwa cha manyazi a zimenezi. Pasukulu zambiri pamakhala mphunzitsi wamkazi woona za atsikana ndi amayi a mother group, mukapita mukawafunse.

Mvula ya chizimalupsa ikangogwa kumapeto kwa mwezi uno kapena mu Novembala muyambiretu kusaka kapepala kokutira makope, ife a Namondwe Freddy mu 2023 anatiphunzitsa, makope a ana ananyowa onse sukulu mpaka kutsekedwa.

Aphunzitsi_aAgri:

A Bambo aku Matawale mwanena zoona pa nkhani ya madzi ndipo sindikutsutsani. Ife kwathu miyezi ino kuthirira timauza ana achite m'mawa asembule isanayambe kapena dzuwa likapepa, mosinthana magulu, si kuti kalabu yonse izikhala tsiku lililonse ayi. Kholo likafunsa zimenezi pa msonkhano wa PTA ahedi amamva. Za ulendo mayi funsani kuti aphunzitsi akupita angati, wamkazi alipo, galimoto yake ndi yotani ndipo abwera nthawi yanji. Nseu wokwera phiri uja ndi wokhotakhota, ngati akufuna kuwapakira ana pa lole yotsegula mukane poyera.

MakeChisomo:

Zikomo kwambiri nonse mwandimasula. Ndawawerengera bambo ake usiku zonse mwalembazi, pa za nazale anangoti duu koma pa mfundo ya a Bambo aku Matawale anavomera msanga, nde tagwirizana kuti teremu ino atsale ndi wildlife ndi SCOM, netibo ayambe kukazizira. Mwini wake wadandaula pang'ono poti akuti amuika kale posewera pakati koma wamva. Pati taimu tadikira lipoti la Disembala. Kalata ya kuphiri sindinasaine kaye, Lolemba ndipita ndekha kukaonana ndi apatironi ndikafunse za galimoto ndi za mphunzitsi wamkazi monga mwanenera aphunzitsi, zikakhala bwino apita. Ndapezanso ana awiri a mzere wathu omwe amaphunzira pomwepo wina Fomu 2 wina Fomu 3, ndalankhula ndi amayi awo kuti azidikirana poweruka.

Aphunzitsi funso lina, mapepala a shuga akutolera aja amagwiradi ntchito ngati machubu kapena ndimugulire enieni? Ndipo mbewu ya mbawa ndingaipeze kuti kuno ku Zomba, akuti akufuna afese ingapo kuseri kwa nyumba.

Aphunzitsi_aAgri:

Amagwira bwinobwino mayi, angowaboola timabowo kunsi kuti madzi azituluka apo ayi mizu imaola. Mbewu akafunse kwa apatironi ake kaye, makalabu ambiri amakhala nayo yotsala, ikasowa pitani ku ofesi ya zankhalango ya boma akakulozerani. Koma mbawa imakula kwambiri isadzadzalidwe pafupi ndi khoma la nyumba, kuseri kwa nyumbako bola afese mapapaya kapena magwafa, mbawayo adzaike kumalire a munda.