Ndani ayenera kukhala m'kaundula wa ovota posankha khonsolo ya pulojekiti ya open source?

Akuluakulu ndi anzanga nonse a pa gulu lino, ndabwera kuti mundithandize maganizo pa nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa masabata angapo, makamaka inu amene munagwirapo ntchito m'mapulojekiti a open source, ndiko kuti mapulogalamu a kompyuta amene code yake (malangizo olembedwa amene amayendetsa pulogalamuyo) ili poyera moti aliyense angathe kuiwerenga, kuikonza ndi kuigawa kwa ena.

Kwa zaka zinayi ndakhala ndikuthandiza mongodzipereka pa pulojekiti ina yaing'ono ya mtundu umenewu, imene anthu ake tili m'mayiko osiyanasiyana ndipo ambiri sitinaonanepo maso ndi maso. Kuyambira pachiyambi mawu omaliza pa chilichonse anali a bambo amene anaiyambitsa, ndipo palibe amene ankadandaula chifukwa anali munthu womva za anzake. Tsopano anena kuti atopa ndipo akufuna kutula pansi udindo, choncho tagwirizana kuti pakhale khonsolo ya anthu asanu yochita kusankhidwa. Ine ndi anzanga awiri tapatsidwa ntchito yolemba malamulo a chisankho choyamba.

Tinayamba ndi kuwerenga mmene a Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, anachitira, popeza iwonso anadutsa m'njira yomweyi. Mu July 2018 Guido van Rossum, amene anayambitsa Python, anatula pansi udindo wake wotsogolera pambuyo pa mkangano waukulu wa PEP 572 (ma PEP ndi zikalata za manambala zimene a Python amalembamo maganizo a zosintha ndi malamulo awo), ndipo sanasankhe wolowa m'malo mwake, koma anasiyira ma core developer, ndiko kuti mamembala odalirika amene amasamalira Python, kuti apeze okha kayendetsedwe katsopano. Mu December chaka chomwecho iwo anavomereza zokhala ndi khonsolo ya anthu asanu, malamulo ake ndi amene lero ali mu PEP 13, ndipo kumayambiriro kwa 2019 anasankha Barry Warsaw, Brett Cannon, Carol Willing, Nick Coghlan ndi Guido yemweyo. Mfundo zingapo tazitenga kwa iwo popanda kukangana: nthawi yotchula mayina a ofuna kuima isiyane ndi nthawi yovota, voti ikhale yachinsinsi, ndipo anthu olembedwa ntchito ndi kampani imodzi asapitirire awiri m'khonsolo.

Pamene tasemphana ndi pa kaundula wa ovota. Anzanga awiri aja akuti, monga ku Python amavota ndi ma core developer, kwathunso avote okhawo amene ali ndi chilolezo cholowetsa code m'pulojekiti. Usiku umene tinakumana pa intaneti, mmodzi wa iwo anaonetsa mayina a anthuwo pa sikirini, ndipo ndinawerenga kawiri kuchokera pamwamba mpaka pansi ndikufunafuna dzina la mayi wina amene timathandizana naye pa zomasulira. Dzina lawo panalibe. Mayi amenewa ndi amene anamasulira pafupifupi mawu onse a pulogalamuyi m'chilankhulo cha kwawo, ndipo tikangotulutsa version yatsopano amaiyesa pa foni yakale imene amaisungira dala ntchito imeneyi, n'kutitumizira zithunzi atazunguliza ndi chofiira pamene mawu adukira kapena pamene batani labisika. Sanalembepo code ngakhale mzere umodzi. Pa mayina omwewo panali munthu amene anapatsidwa chilolezo zaka zitatu zapitazo ndipo chipatsidwire sitinamumvenso.

Ndinene poyera kuti dzina langa lilipo, choncho sindikudzimenyera ndekha nkhondo. Ndivomerezenso kuti mantha a anzanga ndi omveka, chifukwa pali kampani ina imene imagwiritsa ntchito pulogalamu yathu, ndipo iwo akuopa kuti tikatsegula khomo kwa aliyense, kampaniyo ingathe kuuza antchito ake onse kuti alembetse n'kutenga chisankho. Koma ine ndikuona kuti kaundula wa olemba code okha ndi amene akukomera kampaniyo kale, pakuti antchito ake amalemba code pa nthawi imene akulipidwa, pamene ongodzipereka amathandiza usiku akaweruka, ndi intaneti yodzigulira okha, ndipo kawirikawiri amasankha ntchito zimene angathe kuzisiya ndi kuzipitiriza mawa monga kumasulira ndi kuyankha mafunso.

Funso langa ndi lakuti, kodi malire tingawaike pati kuti anthu ngati mayi amenewa avote popanda kusiya khomo pululu? Ndipo pa chisankho choyamba, pamene khonsolo kulibe, ndani amene ali woyenera kuvomereza mayina?

Yankho loyamba:

Achimwene, nkhani mwaifotokoza bwino, koma ndikupempheni muwerengenso PEP 13 pa gawo la umembala, chifukwa anzanu atengako theka lokha. Chikalatacho chikamatchula ntchito zimene zingachititse munthu kulowa m'gulu la core team, lomwe ndi la ma core developer aja, sichitchula code yokha ayi. Chimatchulanso kuyankha mafunso a anthu, kusanja malipoti a mavuto, kulemba malangizo, kusamalira ma server ndi zina zotero, ndipo munthu amalowa ngati magawo awiri mwa atatu a mavoti amuvomereza, khonsolo n'kusatsutsa. Chitsanzo china ndi Debian, pulojekiti inanso ya open source, imene imasankha mtsogoleri wake chaka chilichonse. Mu 2010 mamembala ake anavota kuti omasulira, olemba malangizo ndi ena amene sakonza ma package (mapulogalamu okonzedwa kuti aikidwe pa kompyuta) azilandiridwa ngati ma Debian Developer, ndiko kuti mamembala enieni, ndipo amavota mofanana ndi wina aliyense ngakhale alibe chilolezo cholowetsa ma package. Chimene ndikutanthauza n'chakuti musiyanitse zinthu ziwiri zimene anzanu azimanga pamodzi. Chilolezo cholowetsa code ndi nkhani ya chitetezo cha pulogalamu, ndipo n'koyenera kuti chizipatsidwa kwa ochepa, pamene umembala ndi nkhani yakuti ndani amene wasenza nawo pulojekitiyi. Mayi amenewo angathe kukhala membala wovota popanda kupatsidwa chilolezocho.

Yankho lachiwiri:

Ndikugwirizana ndi zimene zanenedwa pamwambapa, komabe mantha a anzanu musawapeputse, chifukwa lamulo limene lilembedwa chifukwa cha munthu mmodzi wabwino lidzagwiritsidwanso ntchito ndi anthu amene simukuwadziwa. A Kubernetes, pulojekiti inanso ya open source, amene komiti yawo yotsogolera ili ndi anthu 7, posankha ovota amayang'ana ntchito imene munthu wagwira m'miyezi 12 yapitayo, ndipo muyeso umene akhala akugwiritsa ntchito ndi wa zochita zosachepera 50 pa GitHub (tsamba la pa intaneti limene amasungirapo code ndi kugwirirapo ntchito limodzi), kuphatikizapo kuunika ntchito za ena ndi kupereka ndemanga. Podziwa kuti makina sawerenga zonse, anaikanso fomu imene munthu amene ntchito yake sioneka m'chiwerengerocho amalemba n'kufotokoza zimene wachita kuti aganiziridwe. Kwa inu chofunika kwambiri ndi tsiku lotsekera kaundula. Werengani ntchito imene inagwiridwa lisanafike tsiku limene bambo aja analengeza zotula udindo, pakuti pamenepo palibe amene ankadziwa kuti kudzakhala chisankho, ndipo wolembetsa antchito mwachangu sangapindule kanthu. Muganizirenso kawerengedwe ka mavoti. Ngati wovota aliyense amachonga mayina onse amene akuwavomereza, monga a Python ankachitira pa zisankho zawo zoyamba, gulu limene lili ndi mavoti opitirira theka ndipo likuvota mogwirizana lingathe kutenga mipando yonse isanu, choncho lamulo la anthu awiri pa kampani lilembedwe momveka, kuphatikizapo zimene zidzachitike membala akasintha ntchito ali kale pampando.

Yankho la wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse awiri, mwandithandiza kuona pamene ndinkalephera kufotokozera anzanga. Mfundo yosiyanitsa chilolezo ndi umembala ndailemba kale m'chikalata chathu, pamodzi ndi ya tsiku lotsekera kaundula, ndipo ndawonjezera kuti amene wakhala chete kwa zaka ziwiri afunsidwe kaye ngati akufunabe kuvota. Muyeso wa chiwerengero cha zochita ndikuona kuti sungatiyenere, chifukwa ntchito yambiri yomasulira kwathu imachitikira kunja kwa GitHub ndipo ife ndife ochepa moti timadziwana ntchito.

Chatsala ndi funso langa lachiwiri lija. Ndikuganiza zopempha bambo amene akutula udindowo kuti avomereze mayina a ovota oyamba limodzi ndi ife atatu, mayinawo aikidwe poyera kwa masabata awiri kuti wotsalira adandaule, ndiponso kuti ife atatu amene tikulemba malamulo tisaime nawo pa chisankho chimenechi. Mmodzi wa anzanga aja amafuna kuima, ndipo ndikudziwa kuti mfundo yomalizayi imuwawa. Kodi n'chilungamo kumupempha zimenezi pamene ntchito yolemba malamuloyi anailandira asanauzidwe kuti idzamutsekera mwayi woima, kapena ndimupemphe kuti angotuluka m'kagulu kathu tsopano kaundula asanayambe kulembedwa?