Mwana akufuna udokotala wakunja, tiyambire pati?

Mayi_Asiya: Abale ndithandizeni nzeru. Mtsikana wanga wakhoza MSCE ndi mapointi 9, ndiye wakakamira zoti akaphunzire udokotala ku America kapena ku UK. Ineyo ndimagulitsa usipa pa msika wa pa Boma ku Mangochi, bambo ake ndi aphunzitsi ku Namwera. Kodi nzotheka zimenezi kapena tikungomunamiza mwanayu?

Che_Malindi: Mayi, za ku America zichotseni kaye m'mutu. Kumeneko sutuluka folomu 4 nkulowa udokotala ayi, umayamba watenga digiri ina ya zaka 4, kenako mayeso a MCAT olowera sukulu ya udokotala, ndiye masukulu ambiri satenga nkomwe anthu akunja, ochepa amene amatengawo ena amafuna uwonetseretu fizi ya zaka zonse 4 usanaponde mkalasi. Loni ya boma lawo mlendo sapatsidwa.

Nachisale: Ku UK nako MSCE yokha sikwanira, amafuna ma A-level ngati omwe amalemba ku Kamuzu Academy, kuphatikiza mayeso a UCAT olowera udokotala, ndipo malo a ana akunja ndi ochepetsetsa. Koma chimene chinandipweteka ine ndi foreki. Mchimwene wanga anapeza malo ku China, tinagulitsa ng'ombe ndalama nkukwana, mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti ija ndalama yomweyo inasanduka yoperewera, kubanki nako madola kulibe, mpaka tsiku lolipira linadutsa. Anadwala nazo maganizo mnyamata uja, sindifuna zimuonekere mwana wanu.

Mayi_Asiya: Iii pepani achemwali. Nanga ma ejenti akumalengeza za ku Russia ndi India aja?

Nachisale: Musapereke olo 1 tambala musanafunse a Medical Council of Malawi ngati sukuluyo amaivomereza, poti ndi omwe amapereka chilolezo chogwira ntchito kuno.

Dada_wa_Makawa: Koma bwanji KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, simukuitchula? Ija tinkati College of Medicine, inatsegulidwa mu 1991 ku Blantyre, ana ake amabwera konkuno ku Mangochi kudzaphunzira zaumoyo wa m'midzi, mwina munawagulitsapo usipa. Mpikisano ulipo woopsa, komabe mapointi 9 si masewera ngati Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu zili bwino. Akamaliza digiri ya udokotala ya MBBS angathe kukachita ukatswiri kunja, nthawi imeneyo sikolashipu imapezekako. Mafomu a NCHE, ofunsira malo ku mayunivesite a boma, analemba?

Mayi_Asiya: Sanalembe, ankati akudikira zakunjazo. Madzulo ano tikhala naye pansi ndi bambo ake.