Za mpando wa mwana uja unkagwedera m'galimoto

Ndinafunsa kuno chifukwa chake mpando wa mwana wanga wa miyezi 8 unkagwedera ngakhale nditaumanga ndi lamba, komanso ngati ndingauike kutsogolo kuti ndizimuona. Zikomo nonse amene munayankha, nkhani ija yatheka.

Za kutsogolo zija ndazisiya. Mpando woyang'ana kumbuyo suikidwa pamalo pamene pali airbag (thumba lampweya lofufuma pangozi) yogwira ntchito, chifukwa ikaphulika imamenya mpandowo pomwe pali mutu wa mwana. Panopa uli kumbuyo ndipo ukuyang'anabe kumbuyo. Malamulo a R129, okhudza chitetezo cha mipando ya ana m'galimoto, amati mwana akhale choncho mpaka miyezi 15, koma ine sindithamangira kumutembenuza ngakhale akadzaikwanitsa.

Ena munati ndifufuze tizitsulo ta ISOFIX, tokolekapo mpando wa mwana, pakati pa potsamira ndi pokhalira pa mpando wa galimoto. Ndinapisa dzanja, mulibe. Galimotoyi ndi yakale, yochokera ku Japan. Chinathandiza ndi lamba yemweyo. Ndinamudutsitsa m'malo ojambulidwa ndi mtundu wa buluu pa mpando wa mwanawo, kenako ndinamukoka yense mpaka kumapeto n'kumubweza pang'onopang'ono, ndipo anayamba kulira tetete n'kusiya kutambasuka. Pomukunga ndinapanikiza mpandowo mwamphamvu. Tsopano ndikaugwedeza pomwe padutsa lambapo susuntha kupitirira masentimita 2.5. Si malamba onse amagwira chonchi, onani buku la galimoto yanu.

Chatsala ndi agogo ake, omwe akuti mwana akulira chifukwa tamufinya. Timalamba ta pamapewa tikatsinika ndi zala ndiye kuti ndi tolobodoka, choncho sindimasula. Juzi yokhuthala timamuvula, bulangete timamufunditsa pamwamba tikamaliza kumumanga.