Abale thandizeni, mbedza za nthenga izi nsomba sizikudya

Membala wosatchula dzina: Moni nonse, a admin chonde ivomereni. Ine ndili kuno ku Mulanje. Alamu anga ogwira ntchito ku Cape Town anabwera ndi ndodo yowedzera ija amati fly rod, yaitali koma yopepuka, chingwe chake chonenepa chachikasu, ndi kabokosi ka timbedza tomangidwa nthenga. Anandisiyira osandionetsa kaponyedwe kake chifukwa tinasiyana titakangana nkhani ya malata a kwa apongozi, iwo akuti ndalama anatumiza yonse pomwe ine ndinalandira theka, nde pano foni sakuyankha koma pa WhatsApp ndikumawaona ali online. Mayi akunyumba nawonso akuti ndikutaya nthawi kumadzi mmalo mokagulitsa nanazi kumsewu. Vuto langa ndi ili, ndikaponya chingwe chimangounjikana pamapazi kapena chikole mumtengo, pena chimalira thwaa ngati chikwapu ndikayang'ana kambedza kapita. Timbedza tatsala tochepa ndipo nsomba olo imodzi. Ndikulakwitsa pati?

Madala a kwa Chonde: Simukulakwitsa paliponse mwana wanga, NSOMBA KULIBE. Anthu anamaliza ndi maneti a udzudzu, neti yoti mugonemo inu mukukakokolola nayo mpaka tiana ta matemba. Ena kuthira katupe padziwe kupha chilichonse ndi achule omwe. Ife tikukula mu Thuchila umangoika mono madzulo mmawa wadzadza. Lero mukufuna mugwire ndi nthenga?

Gaidi wa ku Likhubula: Achimwene mukuwedza mtsinje uti, ndipo pamwamba kapena kumunsi? Yankho lagona pamenepo. Timbedza timeneto kwenikweni ndi ta trout, nsomba imene anabwera nayo azungu nthawi ya atsamunda nkuithira mmitsinje yozizira ya pa Zomba, Nyika ndi paphiri pathu pano. Imafuna madzi ozizira oyera, akamapitirira madigiri 20 imavutika. Za kulirako, mukufulumira kubweza. Chimene chimauluka ndi kulemera kwa chingwe osati mbedza, nde mukakokera kumbuyo imani pang'ono chingwe chiwongoke kaye kenako muzikankha kutsogolo.

Mayi a Tadala: Mkazi wanu akunena zoona. Nanazi zikuwola inu muli kalikiliki ndi nthenga. Ndipo za malatazo pitani kwa ankhoswe osati pa Facebook.

Membala wosatchula dzina: Mayi a Tadala nanazi ndimagulitsa mmawa, kumtsinje ndimapita masana dzuwa lili pamutu. Komanso theka linalo sindinadye ine.

Mnyamata wa ku Luchenza: Kkkkk nthenga zadula bwa, nkhuku ya kwanu ilipo ingoisosolani. Koma zoona aise kumbani nyongolotsi basi, mlamba sudziwa za Cape Town.

Madala a kwa Chonde: Iwe wa ku Luchenza ukuseka chani? Ndinu nomwe mwadula mitengo yonse mmbali mwa mitsinje kuwotcha makala. Taonani zimene anachita namondwe Freddy mu Malichi 2023, miyala ndi mchenga kutsika mphiri kukwirira maiwe amene nsomba zimabisalamo. Mtsinje ukakhala wopanda mthunzi madzi amatentha, dothi lonse la mminda limathera momwemo. Mkungudza wa mphiri munamaliza, nsomba mwamaliza, mawa mudzatha chani?

Mnyamata wa ku Luchenza: Madala ine makala sindiwotcha ndimakonza njinga zamoto, musandikwezere BP.

Ankolo Bvumbwe: Ine zamadzi za ku Mulanje ndinasiya. Tinapita ku Dziwe la Nkhalamba ndi anzanga aku tchalitchi, mwala unali ndi ndere ndinaterereka foni yatsopano kugwera mmadzi, ngongole yake ndinamaliza kubweza foni ili pansi pa dziwe. Madzi ake kuzizira kofika mmafupa. Samalani ndi miyala yonyowa makamaka kukachita chiperoni, ndipo mvula ikagwa kuphiri tulukani msanga madzi amabwera mwadzidzidzi ngakhale pomwe mulipo pali dzuwa.

Gaidi wa ku Likhubula: Masana dzuwa lili pamutu ndiye nthawi yoipitsitsa, pitani mmamawa kapena chakumadzulo. Nsomba imaima moyang'ana kumene madzi akuchokera, choncho inu yambirani kumunsi muzikwera, muziponya chakumtunda nkusiya kambedza kabwere kokha ndi madzi osakakoka. Chithunzithunzi chanu chisagwere padziwe, malaya owala asiyeni kunyumba, mufike mowerama. Pamene pali mitengo musaponyere kumbuyo, siyani chingwe chigone pamadzi, kwezani ndodo pang'onopang'ono mpaka chingwe chilendewere kuseri kwa phewa kenako kankhani kutsogolo chizigudubuzika. Vundukulani mwala wa mmadzi muone tizilombo tamamatira pansi pake, sankhani kambedza kofanana nato. Kumapeto kwa chingwe chachikasucho pali twaini yopyapyala yosaoneka? Ngati inaduka yonse nkumangirira mbedza pa chonenepacho palibe nsomba ingayandikire.

Madala a kwa Chonde: A gaidi mukuphunzitsa munthu kuti akamalize ndi zotsala zomwe? Ngati pamwambapo zatsalako zisiyeni!

Gaidi wa ku Likhubula: Madala mbedza imagwira imodziimodzi ndipo yaing'ono umaibweza mmadzi, sizingafanane ndi katupe. Koma mphiri ndi nkhalango yotetezedwa, munthu ayambe wafunsa a zankhalango za chilolezo asanakwere ndi ndodo.

Nachisale wa ku Thyolo: Bambo anga ankagwirira matemba ndi ngumbi nthawi ya mvula zoyamba, zikagwera pamadzi nsomba zimachita kulumpha. Ngati mubokosimo muli kakang'ono kamapiko yesani nthawi imeneyo madzi asanade.

Madala a kwa Chonde: Matemba ake ati mayi? Ndanena kale kuti maneti anamaliza, simukuwerenga?

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Twaini ija ilipo koma yatsala yaifupi. Alamu aja andibuloka tsopano, ndikuganiza kuti wina wa mugulu muno wawatumizira sikirinishoti, amene wachita zimenezo Mulungu akuona.

Gaidi wa ku Likhubula: Twaini lumikizani ina yopyapyala ifike kutalika kwa ndodoyo. Koma achimwene mtsinje wake uti? Likhubula, Lichenya, Ruo kapena Thuchila? Ngati muli kumunsi kwa madzi ofiira chotsani nthengazo muike nyongolotsi.